Woyimba wamisala amene sadagonepo ndi njala

Sabata yatha ndidakangana ndi mnzanga wina amene amagulitsa nyimbo mumsika wa Limbe. Mkuluyu adayamba ndi makaseti, kenaka ma CD, ndipo lero amangothira nyimbo m'mafoni a anthu. Pa nkhani ya country ndiye musamuyambe dala. Jim Reeves, Don Williams, Skeeter Davis, Dolly Parton, Kenny Rogers, onsewa amawadziwa ngati abale ake a bere limodzi.

Ndiye ndidamufunsa kuti, "Achimwene, nanga Lee Hazlewood muli naye?"

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ameneyo ndiye ndani?"

Ndidatulutsa foni yanga n'kumuyikira nyimbo imodzi. Adamvetsera pang'ono, nkhope itachita tsinya, kenaka adaphulika nako kuseka. "Bambo awa akuyimba kapena akuwerenga mauthenga achisoni pa wailesi? Aphiri, zoterezi sizingayende malonda. Munthu ameneyu ayenera kuti adafa ali mphawi."

Apa ndi pamene mkangano udayambira, chifukwa mnzangayu adalasa pena n'kuphonya pena. N'zoona kuti zimbale zambiri za Hazlewood sizidayende malonda. Koma zoti adafa ali mphawi ndi bodza lamkunkhuniza. Munthuyu adatha zaka zoposa 30 akudya ndalama za nyimbo zimene adapeka ali mnyamata, uku akujambula zimbale zachilendo zimene ogulitsa nyimbo ankazithawa. Ine ndikuti njira imene adayendamo ili ndi phunziro kwa inu a bizinesi ndi inu ophunzira, makamaka amene mumalota zoyimba. Koma poti mlandu sagamula asadamve mboni, ndiloleni ndiyambe ndakuuzani kuti munthuyu adali yani.

Barton Lee Hazlewood adabadwa pa 9 July 1929 m'katawuni kotchedwa Mannford m'chigawo cha Oklahoma ku America. Bambo ake ankagwira ntchito m'migodi ya mafuta, choncho banjalo linkangosamukasamuka mpaka lidakakhazikika ku Texas. Mnyamatayu adalowa yunivesite ya Southern Methodist mumzinda wa Dallas ndi cholinga chodzakhala dotolo, koma adatengedwa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea. Atabwerako, za udotolo zidathera pomwepo. Adakalowa ntchito youlutsa mawu pa kawailesi kakang'ono m'tawuni ya Coolidge ku Arizona, ndipo kumeneko ndi kumene adakumana ndi mnyamata wina woyimba gitala, Duane Eddy.

Ntchito ya pa wailesiyo idamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene oyimba ambiri sachidziwa, ndicho khutu la munthu wamba. Tsiku ndi tsiku ankaona nyimbo zimene anthu akupempha ndi zimene akuzinyalanyaza. Mu 1956 adapeka ndi kujambula nyimbo yotchedwa "The Fool", woyimba wake Sanford Clark, ndipo idalowa m'gulu la nyimbo khumi zotchuka m'dziko lonse la America. Pa mbale yakeyo dzina la wopeka lidalembedwa la mkazi wake, osati lake, poti iye adali muulutsi ndipo sizikadaoneka bwino kuti azikweza nyimbo yake yomwe. Kuchenjera adayamba kale mkuluyu.

Tsono imvani za thanki. Situdiyo imene ankajambuliramo ku Phoenix idali yosauka, yopanda chipinda chopangira mawu obwerera aja timawamva tikafuula m'phanga. Masitudiyo akuluakulu a ku Los Angeles ndi New York adali nazo zipinda zoterezi. Hazlewood sadakhale pansi n'kumalira kuti alibe zipangizo. Adakagula chithanki chachitsulo, n'kuyika sipika mbali ina, maikolofoni mbali inayo, n'kumadutsitsa kulira kwa gitala ya Duane Eddy m'menemo. Gitalayo idatuluka ndi liwu lakuya, longa la mkango wobangula m'chigwa. Nyimbo ya "Rebel Rouser" ya mu 1958 idamveka dziko lonse, ndipo zina zambiri zidatsatira. Aliyense amene adaonapo mmisiri wa ku Ndirande akusula mbaula kuchokera ku chitsulo chotayidwa amvetsa mtundu wa nzeru umene ndikunenawu.

Koma dzina la Hazlewood lidakula zedi atakumana ndi Nancy Sinatra mu 1965. Mtsikanayu, mwana wa Frank Sinatra, adali atatulutsa nyimbo zingapo pa kampani ya Reprise imene bambo ake adayambitsa, koma ku America palibe idagwira mseu, moti kampaniyo idatsala pang'ono kumutaya. Hazlewood adamuuza mosapsatira kuti asiye kuyimba ndi kamawu kosalala ngati kamwana ka sukulu, pakuti adali mayi woti adakwatiwapo kale banja n'kutha. Adamutsitsa liwu kuti aziyimba ngati munthu amene waona zina.

Hazlewood adali ndi nyimbo yake ina yotchedwa "These Boots Are Made for Walkin'" imene ankafuna kuyimba yekha. Nancy ndiye adamuuza kuti nyimbo yoopseza wachikondi wachinyengo ikatuluka pakamwa pa mwamuna imamveka yankhanza, pamene ikatuluka pakamwa pa mkazi imamveka yokoma. Hazlewood adamvera, ndipo kumayambiriro kwa 1966 nyimboyo idakhala nambala wani ku America ndi ku Britain komwe. Ngati mudaonerapo filimu ya nkhondo ya ku Vietnam yotchedwa Full Metal Jacket ya mu 1987, nyimboyi mudaimva. Nditamuyikira mnzanga wa ku Limbe uja adadumpha. "Aaa, iyi ndiye ndimaidziwa!" Ndidati, "Eyatu, wopeka wake ndi wa mauthenga achisoni yemwe uja."

Zidatsatira ndi zambiri. "Sugar Town" ya Nancy yemweyo. "Houston" imene adayimba Dean Martin mu 1965. Mu 1967 Hazlewood adathandiza nawo kujambula "Somethin' Stupid", nyimbo imene Frank Sinatra adayimba ndi mwana wakeyo, nayonso n'kukhala nambala wani. Kenaka iye mwini adayamba kuyimba limodzi ndi Nancy, liwu lake lokhala ngati likuchokera pansi pa chitsime, la Nancy lili pamwamba ngati mbalame. "Summer Wine", "Jackson" ndi "Some Velvet Morning" zidalowa m'chimbale cha Nancy & Lee cha mu 1968, chimene chidagulidwa kwambiri.

Pano mpofunika kumvetsa m'mene ndalama ya nyimbo imayendera kumaiko amenewo, chifukwa mutu wa nkhani yanga wagona pamenepa. Woyimba amalandira zake mbale ikagulidwa ndiponso akakwera pa nsanja. Wopeka nyimbo amalandira nthawi iliyonse imene nyimboyo yaulutsidwa pa wailesi, yaikidwa mu filimu, yagwiritsidwa ntchito potsatsa malonda, kapena woyimba wina waibwereza. Woyimba akakalamba mawu n'kusasa, zake zimayamba kuchepa. Wopeka angathe kukhala pa khonde akumwa tiyi, ndalama n'kumamupeza pomwepo. Nyimbo ya nsapato za jombo ija yabwerezedwa ndi oyimba osawerengeka, mpaka Jessica Simpson mu 2005, ndipo kubwereza kulikonse kunkagwetsera kenakake m'thumba la Hazlewood. Adadzala mtengo wa mango, osati chimanga cha chaka chimodzi.

Ndiye ndalama zimenezi ankazitani? Apa ndi pamene misala ikuyambira.

Chimbale chake choyamba, Trouble Is a Lonesome Town, chidatuluka mu 1963. Ndi nkhani ya tawuni yongopeka dzina lake Trouble, kunena kuti Mavuto. Nyimbo iliyonse isadayambe, Hazlewood amayamba wakamba kaye za munthu mmodzi wa m'tawunimo, monga wokonza maliro amene amasangalala anthu akamwalira, kapena munthu wonyansa nkhope kuposa onse m'deralo. Amakamba pang'onopang'ono, mosaseka, koma iwe womvera umapezeka ukuseka wekha. Kwa ife amene tidakula tikumva nthano madzulo pa moto, kachitidwe kameneka si kachilendo. Ndi nthano yokhala ndi nyimbo pakati, kungoti palibe woyankha kuti tili tonse. Ku America wa mu 1963, kumene aliyense ankafuna kanyimbo ka mphindi ziwiri kovinira, chimbalechi chidangodutsa ngati mphepo.

Sadaleke. Chidatsatira ndi The N.S.V.I.P.'s, chidule cha mawu otanthauza anthu osafunikira kwenikweni, kunyogodola ma VIP amene timawadziwa aja. Mu 1967 adatulutsa china chotchedwa Lee Hazlewoodism: Its Cause and Cure, ngati kuti iye mwini ndi matenda ofunika kuwapezera mankhwala. Ngakhale nyimbo zimene zidatchuka zidali ndi kamisala kake. Mu "Some Velvet Morning", mbali ya Hazlewood imayenda m'kugunda kunayi, ikafika mbali ya Nancy imasintha n'kuyenda m'kugunda kutatu, ndipo chakumapeto mbali ziwirizi zimasinthana mofulumira mpaka wovina asokonezeke miyendo. Mkazi wotchulidwa m'nyimboyo, Phaedra, ndi wa m'nthano zakale za Agiriki. Mpaka lero anthu amatsutsana kuti nyimboyi imatanthauzanji. Komabe mu 2003 nyuzipepala ya Daily Telegraph ya ku Britain idaisankha kukhala nyimbo yoposa zonse mwa nyimbo zoyimba anthu awiri.

Cha m'ma 1970, ali pa chimake pa kutchuka, Hazlewood adalongedza katundu n'kusamukira ku Sweden. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali choti mwana wake wamwamuna asadzatengedwe kupita ku nkhondo ya ku Vietnam. Kumeneko adagwirizana ndi wopanga mafilimu Torbjörn Axelman, ndipo adatulutsa Cowboy in Sweden mu 1970, chimbale ndi filimu ya pa TV pamodzi. Tangoganizani mkulu wochokera ku Oklahoma akuyendayenda m'madambo ozizira a ku Ulaya atavala chipewa cha kaubhoyi. M'chimbalemo muli nyimbo ya "No Train to Stockholm" yokamba za mnyamata amene akufuna kuthawa usilikali. Mu 1971 kudabwera Requiem for an Almost Lady, chimbale chachifupi chosakwana theka la ola, chonse chokamba za chibwenzi chimene chidatha, chowawa ngati kwinini. Mu 1975 kudabwera A House Safe for Tigers. Zambiri mwa zimbale za ku Swedenzi anthu a kwawo ku America sadazione n'komwe m'masitolo.

Atolankhani nawo sadamunyengerere. Mu 1973 adatulutsa chimbale chotchedwa Poet, Fool or Bum, mutu wofunsa ngati iye ndi mlakatuli, chitsiru kapena lova. Wolemba wina wa nyuzipepala ya zoyimba ya NME ku Britain adachiweruza ndi liwu limodzi lokha, lomalizalo. Lova, basi.

Tsono pali magulu awiri amene ndikufuna kulimbana nawo pano.

Gulu loyamba ndi la mnzanga wa ku Limbe, amene amati chinthu chosagulika ndi chopanda pake. Achimwene, inu nomwe mukudziwa kuti msika uli ndi tsiku lake. Katundu amene wagona chaka chino angathe kusowa chaka chamawa. Zimbale zimene zidakanidwa zija, pofika m'ma 1990 achinyamata a ku Ulaya ndi America ankazisaka m'masitolo a zinthu zakale n'kumazigula pa mtengo wokwera. Mu 1999 Steve Shelley, woyimba ng'oma m'gulu la Sonic Youth, adayamba kuzitulutsanso pa kampani yake ya Smells Like Records. Chaka chomwecho Nick Cave adamuyitana Hazlewood kukayimba ku Royal Festival Hall mumzinda wa London, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70 kutsogolo kwa ana oti angakhale adzukulu ake. Mu 2002 oyimba achinyamata adasonkhana n'kujambula chimbale cha nyimbo zake zokhazokha chotchedwa Total Lee! Kuyambira mu 2012 kampani ya Light in the Attic idatulutsanso ntchito zake zambiri. Anzake ochuluka a m'ma 1960 amene ankangotsata zimene zili m'fasho adaiwalika kalekale. Chimene chidamusunga iyeyu ndi zachilendo zomwe zija, poti panalibe wina wozichita.

Gulu lachiwiri ndi la ana anga a ku koleji, amene amati waluso weniweni sayenera kuganiza za ndalama, ndipo woyimba nyimbo yokomera anthu ambiri wadzigulitsa. Inu ana inu, njala simudaione. Hazlewood adatha kujambula Requiem for an Almost Lady mopanda mantha chifukwa lendi idali italipidwa kale ndi nyimbo ya jombo ija. Kukadapanda "Rebel Rouser" ndi "Sugar Town", bwenzi ali muulutsi wa pa kawailesi ka ku Arizona mpaka imfa, nthano zake za ku Trouble akuzikambira anzake m'bala. Ufulu wochita zimene mtima ukufuna umagulidwa, ndipo iye adaugula ndi ntchito imene ankaidziwa bwino, yopeka nyimbo zolowa m'khutu la aliyense. Komanso sadazipeke monyozera ayi. Mverani m'mene besi imatsikira pang'onopang'ono poyambira pa nyimbo ya jombo ija, mudzavomereza kuti mmisiri adakhalirapo pansi.

Wina anena kuti ndikumukometsera dala munthuyu. Ayi, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zake ndizitchula. Choyamba, si chimbale chake chilichonse chimene chili chabwino. Zina adangozijambula mwamphwayi, nthabwala zake zina n'zozizira, ndipo liwu lake silinkatha kukwera. Chachiwiri, pa bizinesi adali munthu wouma mtima. Kampani yake ya LHI idatulutsa mu 1968 chimbale cha Safe at Home cha gulu la International Submarine Band, m'mene mudali mnyamata waluso Gram Parsons. Parsons atachoka n'kukalowa gulu la The Byrds, nkhani ya kontirakiti yake ndi LHI idavuta, ndipo mawu ake adachotsedwa m'nyimbo zingapo za chimbale cha Sweetheart of the Rodeo. Munthu amene ankakonda ufulu wake sadafulumire kupereka ufulu womwewo kwa mnzake. Kampani ya LHI nayo, ngakhale idawononga ndalama zambiri, sidatulutse nyimbo yogwedeza dziko ndipo idafa patangopita zaka zochepa. Chachitatu, gulu la Megadeth litabwereza nyimbo ya jombo mu 1985 ndi mawu otukwana, Hazlewood adadandaula mpaka nyimboyo idachotsedwa m'chimbale chawo, koma mtsogoleri wa gululo Dave Mustaine adakumbutsa anthu kuti mkuluyu adayamba walandira ndalama zake kwa zaka khumi asadakwiye. Kukwiya kwa wamalonda kumeneko.

Winanso anena kuti ku America n'kwina, kuno n'kwina, ndipo ameneyo ndimuvomera theka. Hazlewood adakolola chifukwa kwawo kudali malamulo ndi mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo, ndipo mawailesi ankalipira. Mtengo wake wa mango udali ndi mpanda. Kuno kwathu lamulo loteteza eni luso lidakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba mu 1992, ndipo lamulo latsopano lidabwera mu 2016. Mpanda ulipo tsono, koma mbuzi zimalowabe. M'masiku a makaseti tidaona oyimba athu akugulitsa chimbale chonse kamodzi n'kamodzi pa ndalama yongokwana thumba la feteleza ndi thiransipoti yobwerera kumudzi, wogulayo n'kumadya zaka ndi zaka. Pajatu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho munthu wanjala sungamudzudzule kwambiri akatenga yapompopompo. Komabe wophunzira amene akuwerenga tsamba lino alibe chifukwa chobwerezera cholakwa chomwecho. Lembetsani nyimbo zanu. Werengani pepala musadasayine. Dzina lanu lilembedwe pa malo a wopeka, chifukwa pamenepo ndi pamene pamagona ndalama ya ukalamba.

Ndipo kwa inu achimwene anga a mumsika, funso langa ndi lomwe ndidakufunsani tsiku lija. Mukamathira nyimbo mahandiredi m'foni ya kasitomala pa mtengo wa botolo la Fanta, wopeka nyimbozo amalandirapo chiyani? Mumaseka Hazlewood kuti zimbale zake sizikadayenda pa benchi yanu, koma chikhala kuti adabadwira kuno, ngakhale nyimbo yake yoyenda malondayo sikadamudyetsa. Tikamadandaula kuti oyimba athu onse akuyimba mofanana, aliyense kutsata kagundidwe kamene kali m'fasho mwezi uno, tizikumbukira kuti munthu amene sakudziwa kumene kuchokere chakudya cha mawa sayesa zachilendo. Amabwereza chimene chidagulika dzulo. Ngati tikufuna oyimba olimba mtima, tiyambe tawalipira pa nyimbo zawo zimene timavina.

Hazlewood adapezeka ndi khansa ya impso ali wokalamba. Atadziwa kuti masiku atha, adalowanso mu situdiyo n'kujambula chimbale chotsanzikira chimene chidatuluka mu 2006. Adachitcha Cake or Death, keke kapena imfa, mutu umene adautenga ku nthabwala ya wanthabwala wa ku Britain Eddie Izzard. M'menemo adayimba yekha nyimbo ya jombo ija, imene adaipereka kwa Nancy zaka 40 m'mbuyomo, ndipo mdzukulu wake wamng'ono adayimba nawo "Some Velvet Morning". Adamwalira pa 4 August 2007 ku Henderson m'chigawo cha Nevada, ali ndi zaka 78.

Dzulo ndidadutsanso pa benchi ya mnzanga uja. Ndidamupeza akumvera "Summer Wine" pa sipika yake, makasitomala awiri ataima akufunsa kuti woyimbayo ndani. Atandiona adatsitsa voliyumu msangamsanga.

"Musandiyang'ane choncho Aphiri," adatero. "Ndikungoyesa msika."

Ndidamufunsa ngati tsopano ayambe kumvera za ku Trouble zija. Adapukusa mutu. "Zimenezo ayi. Zija ndi mauthenga achisoni basi."

Sindidalimbane naye. Anthu a ku America zidawatengera zaka zoposa 30 kuti azimvetse, ndiye mnzangayu ndamupatsa mpaka Khirisimasi.